Thupi Silifunsa Ngati Mukuzikonda

[NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

Moni amayi ndi abambo a ku Chiromo ndi Makhanga, a tsidya lija ku Bangula, a ku Muona, a kwa Tengani mpaka ku boma la Nsanje. Sitikukuiwalani a ku Ngabu, ku Nchalo ndi madera onse a Chikwawa. Agogo amene mwayala mkeka pansi pa mtengo wa nimu kudikira kuti kunja kuzizireko, mwaswera bwanji? Anyamata a kabaza amene mukumvera pafoni podikira kasitomala pasiteji, musachoke, lero muli ndi gawo lanu.

Nkhani yathu ndi ya kulimbitsa thupi. Ndikudziwa, ena dzanja lapita kale pawailesi kuti musake nyimbo kwina. Taimani kaye. Anthu okonda mpira, ndi aja odzuka m'bandakucha kukathamanga, safunika kuwanyengerera, ndipo pulogalamu ino si yawo. Ndi yanu inuyo amene mukangomva zoti mafizo, thupi limalemera musanadzuke n'komwe. Ndi yanu inu amene munayesapo sabata imodzi, miyendo n'kuphwanya, n'kunena kuti izi n'za achinyamata.

Sindikulonjezani kuti mudzayamba kuzikonda. Alipo amene amazolowera mpaka kumasangalala nazo, koma aliponso ambiri amene amayenda zaka ndi zaka osazikondabe. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo muimva kangapo madzulo ano: thupi silifunsa ngati mukuzikonda. Mtima wanu, mitsempha ya magazi ndi minofu zimalandira phindu lomwelo, kaya mwayenda mukumwetulira, kaya mwayenda mukung'ung'udza.

Tiyamba ndi chifukwa chimene ambirife sitizikondera. Kenako ndikutengerani ku London kuti mukamve za madalaivala ndi makondakitala. Tikabwerako tiona zimene zimachitika m'kati mwa thupi, tiyankha funso la mlimi amene amakhalira khasu tsiku lonse, ndipo tikhalitsa pang'ono pa nkhani ya makolo athu okalamba.

Choyamba tichotse mlandu. Kusakonda kudzitopetsa si ulesi ayi. Taganizani za makolo athu m'chigwa chino. Chakudya chinkapezeka ndi thukuta lokhalokha: ulime mapira kumphala, madzi akaphwa utsikire kudimba, upalase bwato kukavuula ukonde, usinje, utunge, utole nkhuni. Chaka cha chilala nkhokwe inkagwa. Munthu wanzeru pa moyo wotero sankataya mphamvu pachabe. Akapeza mpata ankakhala pansi n'kupuma, chifukwa mawa kunali ntchito ina. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Harvard ku America, Daniel Lieberman, amene wakhala akufufuza za kayendedwe ndi kathamangidwe ka munthu, amafotokoza zomwezi: chibadwa chathu n'chosunga mphamvu, ndipo kuthamanga popanda chokuthamangitsa n'chinthu chachilendo m'mbiri ya anthu. Tsono mawu aja amene amakunong'onezani kuti "khala pansi, ukudzivutitsiranji," ndi mawu akalekale, ndipo nthawi yawo ankanena zoona.

Ngakhale lero, kwa ena akunenabe zoona. Ngati m'nyumba mwanu mwalowa njala, ngati mwagonera phala lokha, ine sindikukutumani kukathamanga. Sungani mphamvu zanu. Koma pali ena mwa ife amene moyo wasintha, chakudya chikupezeka, ntchito ndi yokhala pansi, pamene mawu aja akunong'onabe chimodzimodzi.

Tiyeni ku London. Mu 1953 dokotala wina wa ku Britain, Jerry Morris, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pakati pa anthu zikwizikwi ogwira ntchito m'mabasi a mumzindawo. Basi zake zinali zija zosanja, mipando pansi, mipando pamwamba. M'basi iliyonse munkagwira anthu awiri. Dalaivala ankakhala pampando pafupifupi tsiku lonse. Kondakitala ankangokhalira kukwera ndi kutsika: adule matikiti pansi, akwere pamwamba, atsikenso, masitepe mazanamazana tsiku lililonse. Anthu awiriwa ankachokera m'makomo ofanana, ankayenda msewu umodzi, ankapuma utsi womwewo. Koma Morris atawerenga amene anadwala mtima, anapeza kuti madalaivala ankagwa nayo nthendayi kuposa makondakitala, ndipo ikawagwira inkawatenga msanga. Atayang'ana kwa ogwira ntchito ku positi ofesi anapeza zofanana: oyenda pansi ndi panjinga kugawa makalata ankatetezeka kuposa anzawo okhala padesiki.

Tsopano ndikufunseni. Kodi makondakitala aja ankakwera masitepe chifukwa chokonda? Ankakwera chifukwa inali ntchito. Kupanda kukwera, malipiro panalibe. Palibe amene anavala zovala zamasewero, palibe amene anati lero ndikukalimbitsa thupi. Komabe mitima yawo inatetezeka. N'chifukwa chake ndikuti thupi silifunsa ngati mukuzikonda. Morris mwiniwakeyo anamvera zimene anapeza: ankayenda ndi kusambira mpaka atakalamba zedi, ndipo anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Tibwerere kwathu. Si kale kwambiri pamene kabaza ankatanthauza njinga yakapalasa basi. Mnyamata ankanyamula mayi ndi thumba la chimanga kuchoka pa Bangula kulowa m'midzi, thukuta lili kamukamu. Lero ambiri agula kapena akubwereka njinga zamoto. Ine sindikudandaula nazo. Njinga yamoto imafikitsa mayi wapakati ku chipatala cha Trinity ku Muona nthawi isanathe, ndipo kupalasa ndi katundu pa dzuwa la Okutobala si moyo woti munthu n'kuusirira. Koma achimwene, zindikirani chimene chachitika: mwachoka pa ukondakitala, mwakhala dalaivala. Nsima mukudya yomwe ija, mwinanso mwawonjezera chipande, kuphatikizapo tchipisi ndi zakumwa zotsekemera pasiteji poti ndalama ikuoneka. Zaka ziwiri zitatu, lamba wayamba kuthina, anzanu akuti "zikuyenda, bwana." M'thumba zikuyendadi. M'mitsempha ndi nkhani ina.

Si a kabaza okha. Mayi wa paokala amene amatsegula m'mawa n'kukhala pabenchi mpaka kuda. Telala pamakina ake. Aphunzitsi, alembi a m'maofesi, ogulitsa nsomba pamsika. Chigayo chalowa m'malo mwa mtondo, mjigo wabwera pafupi, uthenga umene kale unkafuna kuyenda mtunda lero ukupita pafoni. Zonsezi n'zabwino, ndipo palibe amene akufuna kubwerera m'mbuyo. Kungoti chilichonse mwa izi chachotsako pang'ono kuyenda kumene kale kunkabwera kokha, ndipo kumene kwachokako tiyenera kukubwezera dala.

Pamene tikumvera nyimbo, dzifunseni funso ili. Dzulo, kuchokera pamene munadzuka mpaka pamene munakagona, ndi nthawi yotalika bwanji imene munayenda mpaka mtima kugunda mofulumirako? Musandiyankhe ine, dziyankheni nokha.

[NYIMBO]

Takulandiraninso. Ngati mwangotipeza kumene, tikukamba za kulimbitsa thupi, makamaka kwa anthu amene sazikonda. Tsopano tilowe m'kati mwa thupi.

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, unayeza anthu akuluakulu m'dziko lonse lino. Unapeza kuti pa anthu atatu alionse, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, BP ija, kumudzi ndi m'tauni momwe. Kafukufuku wina amene anachitika pambuyo pake ku Karonga ndi ku Lilongwe anapeza chiwerengero chotsikirako, koma pa chinthu chimodzi onse anagwirizana: ambiri mwa anthu amenewa sankadziwa n'komwe kuti ali ndi vutoli. BP nthawi zambiri sipweteka. Munthu amadya, amaseka, amapita kumsika. Tsiku lina m'mawa akungopezeka kamwa lapotoka, dzanja ndi mwendo mbali imodzi sizikugwira, mawu sakutuluka. Pamudzi timathamangira kunena kuti am'menya hamala, n'kuyamba kulozana zala pachibale. Chikhalirecho ndi sitiroko, ndipo inayamba kukonzeka zaka zambiri m'mbuyomo, m'mitsempha imene inkauma mwakachetechete.

Nanga kuyenda kumathandiza bwanji? Mukamayenda mwandawala, minofu ya m'miyendo imafuna magazi ambiri. Mtima umapopa mwamphamvu, ndipo mitsempha imatanuka kuti magaziwo adutse. Mukamaliza n'kukhala pansi, mitsemphayo sibwerera pomwepo. Imakhalabe yomasuka kwa maola angapo, ndipo BP imatsikako nthawi yonseyo. Mawa mukayendanso, zimachitikanso. Mukapitiriza miyezi, mitsempha imazolowera kufewa, ndipo mtima, poti nawonso ndi mnofu, umalimba n'kumapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Apa pali phunziro lofunika: phindu lake limakhala la maola ndi masiku, silisungika chaka. N'chifukwa chake kuyenda pang'ono kawirikawiri kumaposa kudzipha nako tsiku limodzi pamwezi.

Shuga nayenso chimodzimodzi. Nsima, mbatata, mpunga, zonsezi zikagayika zimasanduka shuga m'magazi. Malo aakulu kumene shugayo amakathera ndi m'minofu. Mnofu umene ukugwira ntchito umamukoka shuga m'magazi mosavuta, pamene mnofu wongokhala umachita ngati watseka chitseko, shuga n'kumangozungulira, kuwononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Ku America, mu 2002, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike podwala. Ena anawapatsa mankhwala a metformin, omwe aja amaperekedwa m'zipatala zathu. Ena anawathandiza kusintha kadyedwe, kuchepetsako thupi ndi kuyenda mwandawala. Mankhwala anathandiza ndithu, koma gulu loyenda lija ndi limene linapewa nthendayi kwambiri: chiopsezo chawo chinatsika ndi kuposa theka. Kanthu kakang'ono kamene mungayambe usiku uno: mukatha kudya, m'malo mogona pamkeka pomwepo, zungulirani pabwalo mphindi 10.

Za tulo ndi maganizo ndingonena mwachidule. Munthu woyenda amagona bwino, ndipo nkhawa zimapepukako. M'dera limene anthu ataya nyumba, ziweto ndi abale kangapo konse, izi si zazing'ono. Kuyenda sikubweza zimene madzi anatenga, koma kumam'thandiza munthu kuti asamire m'maganizo ali yekha m'nyumba.

Tsono kuyenda kokwanira ndi kotani? A WHO amati munthu wamkulu azipeza mphindi 30 patsiku, masiku 5 pa sabata. Ndibwereze: theka la ola, masiku 5 pa sabata. Simusowa wotchi yodula kuti mudziwe liwiro loyenera. Yendani moti mukhoza kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo bwinobwino. Ngati theka la ola lakuchulukirani, lidulenidulenitu: pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo. Ngakhale zochepa zimaposa kungokhala, ndipo amene amapindula kwambiri ndi uja amene akuchoka pa kusayenda n'komwe n'kuyamba kuyendako pang'ono.

Tsopano ndikumva abambo ena akuyankha wailesi: "Inu a pawailesi, ine ndimadzuka tambala woyamba, khasu paphewa, kubwerako dzuwa lili paliwombo. Mayi a kunyumbawa amasenza ndowa ndi nkhuni tsiku ndi tsiku. Mukufuna tizithamangiranso chiyani?" Funso lanu n'lomveka, bambo, ndipo yankho lake ndi loti simukufunika kuthamanga. Kafukufuku wa 2009 uja anapezanso kuti Amalawi ambiri, makamaka akumudzi, amagwiritsa ntchito thupi mokwanira. Koma musatseke wailesi. Ofufuza a ku Denmark, mmodzi mwa iwo Andreas Holtermann, aonetsa kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse, yowerama, yonyamula, yopanda kupuma, siteteza mtima mofanana ndi kuyenda mwandawala kwa kanthawi kenako n'kupuma. Ntchito yotere imasunga BP ili pamwamba maola ambiri. Choncho mlimi, msodzi ndi wodula nzimbe asadzinamize kuti poti amatuluka thukuta ndiye kuti BP singamupeze. Chanu inu n'china: pumulani pamthunzi pakati pa ntchito, imwani madzi musanamve ludzu, chepetsani mchere, fodya ndi kachasu, ndipo kayezetseni. Za madzizi musazitenge mopepuka. Kumayiko a pakati pa America, odula nzimbe ambiri adwala impso, ndipo ofufuza akuloza kwambiri ku ntchito yolemetsa ya padzuwa popanda madzi okwanira ndi mthunzi. Dzuwa lathu lino, limene miyezi ya Okutobala ndi Novembala limadutsa madigiri 40, si locheperapo.

Koma bambo, lidzafika tsiku limene ana anu adzati, "Bambo, pumulani, tizilima ife." Tikabwerako ku nyimbo tikamba za tsiku limenelo, chifukwa kwa ine mtima wa nkhani yonseyi uli pamenepo.

[NYIMBO]

Ife timalemekeza akuluakulu, ndipo ndi mwambo wabwino. Agogo akafuna madzi, mdzukulu amathamanga. Akafuna kupita kutchalitchi, timawaitanira kabaza. Akagwira tsache, timawalanda: "Khalani pansi agogo, mungagwe." Timatero chifukwa cha chikondi. Koma ndikupempheni tiganizepo bwino, chifukwa chikondi chimenechi nthawi zina chimafooketsa miyendo ya makolo athu.

Minofu ya munthu imayamba kuchepa pang'onopang'ono akadutsa zaka 30, ndipo akapitirira zaka 60 imachepa mofulumira. Nkhalamba ikagona sabata imodzi kapena ziwiri ndi malungo, imadzuka miyendo itaonda moonekeratu, ndipo ikapanda kuyambanso kuyenda, mphamvuzo sizibwerera zokha.

Mukadzapita padooko pa Mtayamoyo, pamene anthu amaolokera pakati pa Bangula ndi Makhanga, mudzaime pambali muone agogo akukwera bwato. Gombe ndi loterera. Bwato likugwedezeka. Ayenera kuima ndi mwendo umodzi kamphindi, winawo n'kuukweza kudutsa m'mphepete mwa bwato, n'kuuponda pamalo pamene pakusuntha. Kenako atsitse thupi lonse pang'onopang'ono mpaka akhale, kamtolo kali m'manja, chitenje chisakole. Akafika tsidya linalo ayenera kudzuka kuchoka pansi penipeni, bwato likugwedezekabe. Zonsezi zimatenga nthawi yosakwana mphindi imodzi, koma zimafuna ntchafu zamphamvu ndi thupi lodziwa kudzigwira. Agogo amene ali nazo amapita kumsika, kumaliro a mbale wawo, kukaona chidzukulu chobadwa kumene, kukatenga mankhwala okha. Amene zawathera amatsala pakhomo, ndipo dziko lawo limathera pakhonde.

Ndipo ife a kuno tikudziwa china. Kuyambira madzi a 2015 mpaka namondwe wa Freddy mu 2023, taona kuti Shire ndi Ruo akakwiya sapereka nthawi. Ndisamveke molakwa: amene anatisiya sanatisiye chifukwa cha kufooka, madzi aja anatenga ndi anyamata amphamvu omwe. Ndikungonena kuti m'dera ngati lino, agogo amene angathe kudzuka okha n'kuyenda kupita kumtunda amapeputsa banja lonse, chifukwa manja amene akanawanyamula amanyamula ana.

Mu 1997 madzi atadula njanji pakati pa Makhanga ndi Bangula, sitima inaleka kudutsa. Zitsulo zambiri madzi sanazikhudze n'komwe, zinatsala zili bwinobwino. Koma amene mwayendako mukudziwa mmene zinathera: dzimbiri, tchire, mitengo kumera pakati pa njanji. Chinaziwononga ndi kusowa sitima yoyendapo. Miyendo imachita chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'koti miyendo imabwerera msanga, ndipo sifuna ndalama za boma. Mu 1990, ku Boston, dokotala wina, Maria Fiatarone, anatenga nkhalamba zofooka za zaka zozungulira 90 n'kuziyambitsa masewero olimbitsa miyendo katatu pa sabata. Patatha masabata 8, mphamvu za miyendo yawo zinali zitaposa kuwirikiza kawiri. Zaka 90, amayi ndi abambo. Ndiye wa zaka 65 asanene kuti nthawi yam'thera.

Tiyeni tiyese limodzi pompano. Pezani mpando wolimba, muutsamiritse kukhoma kuti usasunthe. Mdzukulu aime pambali. Khalani chakutsogolo kwa mpandowo, mapazi onse awiri aponde pansi bwinobwino, motalikirana pang'ono. Weramirani kutsogolo pang'ono. Tsopano dzukani, ngati mungathe osagwira pena paliponse. Imani mowongoka. Kenako khalani, koma pang'onopang'ono, osadzigwetsa. Kutsikako n'kumene kumalimbitsa kwambiri, choncho musakufulumire. Bwerezani kasanu. Ngati pakufunika kugwira maondo kapena dzanja la mdzukulu, gwirani, palibe chochititsa manyazi. Mawa muchitenso. Pakatha sabata ziwiri muone ngati mungafike ka 10. Mukatero, imani pafupi ndi khoma, dzanja limodzi litagwira, n'kukweza phazi limodzi pang'ono, muwerenge mpaka 10, kenako linalo. N'zosasangalatsa, ndikuvomereza. Koma thupi silifunsa ngati mukuzikonda, ndipo ntchafu zimenezi n'zimene zidzakukwezeni bwato.

Kwa inu ana ndi adzukulu: agogo akafuna kusesa pabwalo, asiyeni asese. Akafuna kupita kudimba kukathyola ndiwo, aperekezeni m'malo mowaletsa. Ntchito yolemetsa alandeni, koma kuyenda musawalande.

Tsono tichite bwanji m'kutentha kwathu kuno? Masana iwalani. Nthawi yake ndi m'mawa kukangoyera, kapena madzulo dzuwa litapendeka. Imwani madzi musananyamuke ndiponso mukabwerako. Musatsate gombe kukadali mdima, ng'ona ndi mvuu za mu Shire mukuzidziwa. Kusambira m'madambo musakuyese masewero, chifukwa kuwonjezera pa ng'ona muli likodzo.

Chovuta chachikulu, mmene ndikuonera, si dzuwa koma maso a anthu. Bambo wolemekezeka akayenda mwandawala pamsewu, wina amaima n'kufunsa, "Bwanji bwana, njinga yafa?" Mayi akamayenda m'mawa wopanda ndowa kapena khasu, anthu amafuna kudziwa kumene akuchokera. Njira yophweka yothana nazo ndi kuupatsa ulendowo ntchito. Pitani kumsika wapansi. Tsikani pakabaza mtunda usanathe, mumalize ndi miyendo. Inu a njinga zamoto, ikani njinga pasiteji anzanu akuyang'anireni, muzungulire msika kawiri, kapena madzulo mukamenye mpira ndi anzanu. Aphunzitsi, perekezani ana a njira yakutali. Amayi a m'mabungwe a kumpingo ndi a banki m'khonde, musanakhale pansi kuwerenga ndalama, yambani mwavina. Magule athu, utse, likhuba ndi ena, amatulutsa thukuta lokwanira, ndipo palibe amene amafunsa munthu wovina kuti akuthawa chiyani.

Chinanso, pezani mnzanu. Munthu amene sakonda chinthu amapeza chifukwa chatsopano tsiku lililonse: lero kwatentha, lero mutu, lero alendo. Koma mnzanu akaima pakhomo n'kunena "odi, tiyeni," kukana kumavuta. Musadikire kuti mtima ufune. Pangani pangano ndi munthu, muike nthawi yake, ngati mmene mumachitira ndi tsiku la msika. Mukaphonya masiku atatu, musati basi zalephereka. Yambiraninso tsiku lachinayi.

Chenjezo, ndipo apa mvetserani bwino. Ngati mukuyenda mwamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kubanika kosazolowereka, kapena mtima kugunda mosalongosoka, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala. Ngati muli kale ndi nthenda ya mtima, BP yokwera kwambiri kapena munachitapo sitiroko, yambani mwafunsa achipatala musanawonjezere liwiro. A shuga amene mukumwa mankhwala kapena kubaya insulini, musayende ndi njala, tengani kachakudya m'thumba, valani nsapato, ndipo mukabwerako yang'anani mapazi ngati pali kabala. Amayi oyembekezera, kuyenda n'kwabwino ngati kusikelo sanakuletseni. Ndipo chonde, kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Amene mukumwa a BP, a shuga kapena ma ARV, pitirizani monga anakuuzirani. BP ikatsika, amene angachepetse mankhwala ndi dokotala, osati inuyo kapena mnansi wanu.

Nthawi yatithera. Ndikusiyirani ntchito ziwiri sabata ino. Yoyamba, ngati papita chaka musanayezetse BP, kapena simunayezetsepo chibadwire, pitani pachipatala chimene muli nacho pafupi, kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kumene mungayezetse. Kuyezako sikupweteka ndipo sikutenga nthawi. Yachiwiri, musanagone usiku uno ganizirani munthu mmodzi, kaya mnansi, kaya mlamu, kaya mnzanu wa kumpingo, amene mawa m'mawa mungakamugogodere. Ndani ameneyo, ndipo mukakumana nthawi yanji?

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za mchere: wa m'ndiwo, wa m'nsomba zouma, ndi uja timathira pambali pa mbale tisanalawe n'komwe. Mugone bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]